Mayeso a M'chipinda cha Opaleshoni

Lero ndikupereka moni makamaka kwa inu a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, pakuti nkhani yathu ikhudza zipatala zimene inu ndi makolo anu mumapitako.

Ana inu mumawadziwa mayeso. Mumadziwa mmene mtima umagundira pamene mphunzitsi agawa mapepala, nalamula kuti aliyense atseke buku lake. Mukalemba, mphunzitsi amachonga ndi cholembera chofiira, ndipo amene walakwa samu amangotaya malikisi, mawa nkudzayesanso. Komatu alipo mayeso ena amene sathera pa pepala. Woyesedwayo amaimirira kumutu kwa munthu wamoyo amene wagona pa tebulo la opaleshoni, ndipo samu imene angalakwe imakhala ya mankhwala olowa m'magazi a munthuyo. Awa ndiwo mayeso a ophunzira udokotala pamene afika pa gawo la kugonetsa odwala. Ine ndagwira ntchito yogonetsayi zaka zambiri, ndipo ophunzira ambiri adutsa m'manja mwanga. Tsono ndifuna ndikuuzeni zimene timayang'ana mwa iwo.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo. Kale, ngakhale ku maiko a Azungu, opaleshoni inali yoopsa kuposa nthenda imene. Amuna amphamvu ankapanikiza wodwala, dokotala nkumadula mofulumira munthu ali maso, akukuwa. Zinthu zinasintha pa 16 Okutobala 1846 mu mzinda wa Boston ku America, pamene dokotala wa mano, William Morton, anakoketsa wodwala mpweya wa mankhwala otchedwa ether, wodwalayo nagona, dokotala wina nachotsa chotupa pakhosi pake. Chaka chotsatira, James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kupatsa amayi obereka mankhwala ena otchedwa chloroform. M'chaka cha 1898, August Bier wa ku Germany anasonyeza kuti munthu akabayidwa jakisoni pamsana, thupi lake limachita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, iye ali maso. Njira ziwirizi, yogonetsa ndi yochititsa dzanzi, ndizo zikugwirabe ntchito mpaka lero, ngakhale kuti mankhwala ake anasintha.

Tsono mvetsetsani apa. Tulo ta mankhwala si tulo ta pa mphasa ayi. Munthu wogona kunyumba amatsokomola akatsamwa, amatembenuka akatopa, amadzuka galu akauwa. Wogonetsedwa sachita chilichonse cha izi. Lilime lake limagwera kumbuyo ndi kutseka njira ya mpweya. Mankhwala amafooketsa kupuma kwake ndi kuthamanga kwa magazi ake. Akasanza, masanziwo akhoza kulowa m'mapapo. Motero payenera kukhala munthu mmodzi amene ntchito yake yonse ndi kupumira wodwalayo, kumuyang'anira, ndi kumudzutsa bwino opaleshoni ikatha. Anthu akatuluka m'chipatala amayamika dokotala amene anagwira mpeni. Wogonetsa samukumbukira, popeza nthawi yonse imene anali naye anali mtulo.

Inu a ku Katete mumachidziwa chipatala cha St Francis. Chinayamba m'chaka cha 1948, ndipo anachiyambitsa ndi Bambo Francis Trefusis, wansembe wa mpingo wa Anglican amene analinso dokotala. Masiku ano mipingo ya Anglican ndi Katolika imachiyendetsa pamodzi. Inu a ku Sinda muli ndi chipatala cha mishoni cha Nyanje, cha mpingo wa Reformed Church in Zambia. Inu a ku Vubwi, kumalire ndi Malawi ndi Mozambique, mukudziwa kutalika kwake kwa ulendo wa ku Chipata, makamaka m'dzinja mvula ikaononga msewu. Kuchokera ku Katete kukafika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Mayi amene mwana wamupingasa m'mimba pakati pa usiku sangadikire katswiri wochokera ku Lusaka. Amene ali pafupi ndiye ayenera kudziwa chochita.

Kwa zaka zambiri, ntchito yogonetsa m'zipatala za kumidzi m'dziko lathu lino yakhala m'manja mwa makiliniko ofesala amene anaonjezera maphunziro a ntchitoyi, ndipo apulumutsa miyoyo yosawerengeka. Maphunziro a madokotala akatswiri a kugonetsa anayamba pa University of Zambia m'chaka cha 2011, ndipo akatswiriwo akadali ochepa. Chotero dokotala wachinyamata aliyense amene angatumizidwe ku chipatala cha boma laling'ono ayenera kudziwa maziko a ntchitoyi, ngakhale kuti mtima wake uli pa ntchito ina.

Sukulu ya udokotala ya University of Zambia inatsegulidwa m'chaka cha 1966, ndipo ili ku Ridgeway mu Lusaka, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. Ina inatsegulidwa ku Ndola m'chaka cha 2011 pansi pa Copperbelt University, ndipo zilipo zinanso. Maphunzirowa amatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Zaka zoyamba ndi za m'kalasi. Zaka zotsiriza ophunzira amazungulira m'zigawo za chipatala: ku ana, ku amayi oyembekezera, ku matenda a akulu, ku opaleshoni. Gawo la kugonetsa limakhala lalifupi, la masabata ochepa chabe. M'masabata amenewo sitiyembekeza kuti wophunzira asanduke katswiri. Chimene tifuna kudziwa ndi chakuti: kodi tsiku lina akadzapezeka yekha ndi munthu amene wasiya kupuma, adzatha kumusunga ndi moyo kufikira thandizo litafika?

Mphunzitsi wina wa madokotala ku America, George Miller, analemba m'chaka cha 1990 kuti luso la dokotala lili ndi masitepe anayi: kudziwa chinthu, kudziwa kachitidwe kake, kusonyeza kuti ungathe, ndi kuchichita tsiku ndi tsiku pa ntchito yeniyeni. Inu atsikana ndi anyamata mukhoza kumvetsa izi mukaganiza za nsima. Mwana akhoza kunena pamtima kuti amayamba ndi kutereka madzi, kenaka phala, kenaka kuthira ufa ndi kuvundula. Koma mpatseni mthiko ndi mphika, moto ukuyaka, alendo akudikira pa khonde, pamenepo mudzaona ngati amadziwa. Mayeso a pa pepala amayesa masitepe awiri oyamba. Awiri otsalawo amafuna kuti woyesa aime pambali ndi kuona ndi maso ake.

Mayeso oyamba amachitika opaleshoni isanayambe nkomwe, ku wodi. Timamutuma wophunzira kuti akaone wodwala wa mawa, ife titaima chapatali kumvetsera. Kodi wapereka moni? Kodi wadzitchula dzina ndi kunena chimene wadzera? Kodi kwa agogo walankhula mwaulemu monga mdzukulu, kapena wangofika ndi kuyamba kukoka bulangete? Zimenezi zili ndi malikisi ake. Kenaka afunse za matenda akale: chifuwa cha mphumu, nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, afunse ngati wodwalayo anagonetsedwapo kale ndipo zinayenda bwanji, afunse za mankhwala amene akumwa, a kuchipatala ndi achikuda omwe, ndiponso za fodya ndi kachasu. Wophunzira amene afunsa za mankhwala achikuda monyoza salandira yankho loona, ndipo ife timalemba zimenezo.

Pali funso limodzi limene lagwetsa ophunzira ambiri anzeru kwathu kuno ku m'mawa. Lamulo lake ndi lakuti munthu asadye chakudya kwa maola asanu ndi limodzi asanagonetsedwe, ndipo madzi oyera asiye kumwa kutatsala maola awiri. Wophunzira amafika nafunsa kuti, "Amayi, mwana wadya lero?" Amayi nayankha kuti, "Iyayi, sanadye." Wophunzira nkulemba m'buku kuti m'mimba mulibe kanthu. Koma inu nonse mukudziwa kuti kwathu munthu amene sanadye nsima sanadye. Mbatata, nthochi, chimanga chootcha, phala, thobwa, zonsezi saziwerengera. Wophunzira wokhoza amafunsanso kuti, "Nanga pakamwa pake padutsa chiyani chiyambire kucha? Kaphala kaja simunam'patseko pang'ono?" Pamenepo agogo amene anabwera kudzadikirira matenda amaulula kuti anamumvera chisoni mdzukulu, nam'mwetsa thobwa m'bandakucha. Thobwa si madzi oyera, ndi chakudya. Opaleshoni imene si yadzidzidzi iyenera kudikira. Wophunzira amene anakulira ku Kitwe kapena ku Mongu, amene Chichewa sachidziwa bwino, timayembekeza kuti aitane namwino womasulira, osangogwedeza mutu ngati wamva.

Akatha kufunsa, apime. Ayang'ane m'zikope ndi m'zikhatho ngati magazi ali ochepa, pakuti malungo amatha magazi mwa ana ambiri. Amvetsere mtima ndi mapapo. Auze wodwala kuti ayasamule ndi kutulutsa lilime, kuti aone ngati kukhosi kukuoneka bwino. Njira imeneyi inalembedwa m'chaka cha 1985 ndi dokotala wochokera ku India, Mallampati, ndipo imadziwika ndi dzina lakelo. Aone mano ogwedera, khosi lalifupi, kapena chithokomiro. Pomaliza abwere kwa ife ndi kunena gulu limene wamuika wodwalayo, kuyambira gulu loyamba la munthu wathanzi mpaka lachisanu la munthu amene sangakhale ndi moyo popanda opaleshoniyo, natiuze njira imene iye akuganiza kuti ndi yoyenera, ndi chifukwa chake. Chifukwacho ndicho timachifuna koposa.

Tsopano masamu. Aphunzitsi, ndikupemphani kuti mulembe samu iyi pa bolodi. Mwana akulemera makilogalamu 20. Mankhwala ogonetsa otchedwa ketamine, amene amagwira ntchito kwambiri m'zipatala za kumidzi, aperekedwe mamiligalamu 2 pa kilogalamu iliyonse. Ndiye kuti mwanayo alandire mamiligalamu 40. Koma m'kabotolo mankhwalawo ndi amadzi, ndipo mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 50. Kodi m'jakisoni mukokedwe mamililita angati? Gawani 40 ndi 50. Yankho ndi 0.8, ndiye kuti osakwana mililita imodzi. Tsono taganizani za wophunzira amene kadontho ka desimali sanakasamale kuyambira ku pulaimale, nalemba 8 m'malo mwa 0.8. Wam'patsa mwana mankhwala ochuluka kakhumi. Samu yotere timaifunsa pa pepala, timaifunsanso pakamwa m'chipinda cha opaleshoni, wophunzira ali chiimire, jakisoni ali m'manja. Sitilola kuti mankhwala alowe mwa wodwala ife tisanaone. Ndipo wophunzira amene awerenga dzina la pa kabotolo mokweza, nalemba dzinalo pa jakisoni, amatikondweretsa kuposa wofulumira.

Gawo lalikulu la mayeso ndi la mpweya. Ubongo wa munthu ukasowa okosijeni kwa mphindi zowerengeka chabe umaonongeka osachiranso. Wodwala akangogona, wophunzira ayenera kupendeketsa mutu wake, kukankhira chibwano kutsogolo kuti lilime lichoke panjira, kuvundikira mphuno ndi pakamwa ndi chovala cha mphira, ndi kufinya thumba la mpweya mpaka chifuwa chikwere. Zimaoneka zapafupi, koma dzanja limatopa, ndipo mpweya umathawira m'mbali. Ophunzira onse amakhumbira chinthu china chooneka chapamwamba, ndicho kulowetsa paipi m'kholingo ndi chida chokhala ndi kagetsi kunsonga. Nchabwino kuphunzira zimenezo. Koma ine pogawa malikisi ndimaika ambiri pa thumba lija, chifukwa munthu safa kaamba kosowa paipi, amafa kaamba kosowa mpweya, ndipo thumba limapezeka ngakhale pa kachipatala kakang'ono ka kumudzi.

Akalowetsa paipiyo, funso lathu limakhala limodzi: "Wadziwa bwanji kuti ili m'malo mwake?" Pakhosi pali njira ziwiri zoyandikana, ya mpweya kutsogolo ndi ya chakudya kumbuyo. Paipi ikasochera m'njira ya chakudya, mpweya wonse umapita m'mimba. Wophunzira ayenera kuona chifuwa chikukwera mbali zonse ziwiri, amvetsere m'mapapo onse awiri, ndipo pamene pali makina oyeza mpweya wotuluka m'mapapo, awayang'ane. Akakayika, atulutse paipiyo ndi kubwerera ku thumba. Amene anena msanga kuti "ndalephera, tengani" amakhoza. Amene alimbikira kachitatu ndi kachinayi poopa manyazi, wodwala akusanduka mtundu, ameneyo timamulanda chidacho, ndipo pa pepala lake pamalembedwa mawu olemera.

Opaleshoni ikayamba, pamabwera mayeso amene wophunzira sadziwa kuti ndi mayeso. Ndikuuzeni za ine mwini. Ndili wophunzira, tsiku lina ndinaimirira kumutu kwa wodwala, koma maso anga anali kuseri kwa nsalu, kumene dokotala ankatsegula mimba. Ndinali ndisanaonepo matumbo a munthu. Mphunzitsi wanga anandifunsa mwakachetechete kuti, "Mtima wa wodwala wako ukugunda kangati?" Ndinasowa chonena. Anandigwira dzanja, naika zala zanga pa mtsempha wa pakhosi pa wodwalayo, ndipo ndinamva ukuthamanga ngati wa mbalame. Magazi anali kutayika, ndipo botolo la diripi linali litatsala pang'ono kutha, ine osaona. Iye anali ataona kale, nakonzeratu lina. Sanandikalipire, anangolemba m'buku langa kuti ndinali m'chipindamo koma sindinali ndi wodwala. Funso lomwelo ndimawafunsa ophunzira anga mpaka lero.

Masiku ano tili ndi kachida kotchedwa pulse oximeter, kamene kamapanidwa pa chala. Nzeru yake anaitulukira katswiri wa ku Japan, Takuo Aoyagi, m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira m'chaka cha 2011 bungwe la Lifebox lagawa tizida totere m'zipatala zambiri za mu Africa. Kamasonyeza nambala ya okosijeni m'magazi: mwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 95 ndi 100, ndipo ikatsika kupyola 90 ndiye kuti pali ngozi. Kamaliranso pa kugunda kulikonse kwa mtima, ndipo kulirako kumatsika mawu okosijeni akamachepa. Wophunzira wabwino amatembenuka pongomva kusintha kwa kulirako. Timamuyesanso ngati akudziwa pamene kachidako kamanama: chala chikazizira, wodwala akanjenjemera, ndiponso pa khungu lakuda ngati lathuli nthawi zina kamakweza nambala pang'ono. Mabuku ambiri olembedwa kunja amati wosowa mpweya amasanduka wobiriwira. Pa khungu lathu zimenezo sizioneka msanga, motero ayang'ane lilime ndi m'kati mwa milomo.

Funso lina limene ndimakonda ndi ili: "Magetsi azima tsopano lino. Uchita chiyani?" Si funso longopeka, pakuti tonse tikukumbukira chaka cha 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, magetsi namazima maola ambiri pa tsiku. Jenereta imatenga kanthawi kuti iyake. Wophunzira ayenera kudziwa pamene pali tochi ndi botolo la okosijeni asanayambe ntchito, ndipo mumdimamo dzanja limodzi likhale pa thumba, lina pa mtsempha.

Palinso kulankhula. M'chaka cha 2008 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linatulutsa mndandanda wa mafunso 19 oti onse a m'chipinda cha opaleshoni azifunsana mokweza katatu: wodwala asanagone, mpeni usanakhudze khungu, ndi wodwala asanatuluke. Kodi uyu ndi wodwala woyenera? Kodi mwendo wodwala ndi wamanja kapena wamanzere? Kodi nsalu zopukutira magazi zatuluka zonse m'mimba? Apa pali vuto limene ife Achewa tiyenera kulivomera. Tinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu, ndipo mwambo umenewo ndi wabwino pa bwalo ndi pakhomo. Koma wophunzira amene waona kuti wamkulu watenga kabotolo kolakwika, nakhala chete chifukwa cha ulemu, walephera mayeso. Akhoza kunena mwaulemu ndithu kuti, "Pepani adokotala, ndithandizeni kuwerenga kabotoloka," koma anene. Nthawi zina poyeserera ndi chidole ndimalakwitsa dala kuti ndione ngati alipo wondiletsa.

Zonse zimene wophunzira wachita zimalembedwa m'kabuku kake: odwala amene wawapima, mitsempha imene wabaya poika diripi, odwala amene wawapumira ndi thumba, jakisoni za pamsana zimene waonerera. Pa mzere uliwonse woyang'anira amasaina, nasonyeza ngati wophunzirayo anangoona, anathandiza, kapena anachita yekha. Kabukuka kamayesa chilungamo kuposa luso. Chaka china mnyamata wina anandibweretsera kabuku kodzaza bwino, kosonyeza kuti wachita zambiri kuposa anzake onse. Ndinam'tengera ku chidole, ndinam'patsa chida chija cha kagetsi, ndipo anachigwira ndi dzanja lolakwika. Anaulula kuti zambiri anangoonerera, napempha munthu wotanganidwa kuti asaine mizere yonse nthawi imodzi. Anabwereza gawo lonselo. Woyang'anira uja amene anasaina osaona nayenso ndinalankhula naye, pakuti mlandu unali wa awiri.

Pamapeto pa gawolo pamakhala mayeso a pa pepala, a mafunso osankha yankho ndi a mayankho aafupi, ndiponso m'masukulu ambiri mayeso otchedwa OSCE, amene anayambitsidwa ndi Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1975. Ganizani za holo ya sukulu imene yagawidwa timagawo tambiri. Pa kagawo kena pali chidole choti achipumire. Pena pali munthu wodziyesa wodwala woti am'fotokozere za jakisoni wa pamsana. Pena pali samu ya mankhwala. Pena pali chida choti achitchule ndi kunena ntchito yake. Belu likalira, patapita mphindi zisanu kapena khumi, aliyense amasunthira pa kagawo kotsatira. Ubwino wake ndi wakuti onse amakumana ndi mafunso amodzimodzi, ndipo oyesa ndi ambiri, kotero kuti woyesa mmodzi wankhanza kapena wokondera sangathe kugwetsa kapena kukweza munthu yekha.

Komabe ine sindikhulupirira OSCE yokha. Chidole sichisanza, sichiopa, ndipo chilibe mwamuna amene akudikira pakhomo. Ophunzira ena amaloweza mayendedwe ake monga sewero. Nawonso malikisi a oyang'anira a tsiku ndi tsiku ali ndi chilema chawo: wophunzira amagwira ntchito ndi munthu wina Lolemba, wina Lachiwiri, ndipo ambiri a ife timachita chifundo, nkulemba kuti "ali bwino" pa munthu amene tamuona maola awiri okha. Aphunzitsi anzanga a ku pulaimale, vuto limeneli mumalidziwa, inu amene mumayesa ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi imodzi. Nchifukwa chake malikisi a pepala, a chidole, a kabuku ndi a oyang'anira amaphatikizidwa, kuti pamene muyeso wina walephera kuona, wina uone.

Mayeso a pakamwa ndiwo amene ophunzira amawaopa. Ndimawapatsa nkhani yotere. Mayi wafika usiku pa ambulansi kuchokera kutali, wavutika tsiku lathunthu, mwana sakutuluka. Wabayidwa jakisoni wa pamsana, ndipo patapita mphindi zitatu akuti akumva nseru ndi chizungulire. Chachitika nchiyani? Wophunzira ayenera kudziwa kuti jakisoniyo amamasula mitsempha, magazi natsika mphamvu, ndiponso kuti chiberekero cholemera chimapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima pamene mayi wagona chagada. Anene kuti apendeketsa mayiyo kumanzere, atsegula diripi, apereka okosijeni ndi mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi. Ndikatero ndimasintha nkhani: bwanji mayiyo akanafika atataya kale magazi ambiri? Pamenepo jakisoni wa pamsana akhoza kumupha, ndipo njira iyenera kukhala ina. Ndimaonjezera zovuta mpaka wophunzirayo afike pamene nzeru zake zathera, chifukwa ndifuna kumva ngati adzanena kuti, "Apa ndiitana wamkulu." Amene apeka yankho molimba mtima amandiopsa kuposa amene sadziwa.

Ntchito sithera pamene dokotala wasoka bala. Wodwala amene akudzuka akhoza kusanza kapena kusiyanso kupuma, motero wophunzira am'goneke chammbali, am'perekeze yekha, nauze namwino momveka bwino mankhwala amene aperekedwa, magazi amene atayika, ndi zoti aziyang'anira. Madzulo akam'zonde ku wodi ndi kufunsa za ululu. Ophunzira ambiri amaiwala ulendo wa madzulowu. Ife timafunsa anamwino, ndipo iwo saiwala amene anabwera.

Nanga wolephera? Amapatsidwa mwayi wolembanso kapena wobwereza gawolo. Sichinthu chopepuka kulemba pa pepala la munthu kuti sanakhoze, podziwa kuti mwina makolo ake anagulitsa ng'ombe kapena matumba a mtedza kuti afike pamenepo. Ndakhalapo ndi pepala lotere usiku wonse. Chimene chimandithandiza ndi kudzifunsa ngati ndingalole kuti munthu ameneyu aime kumutu kwa mlongo wanga ine kulibe. Ndipo ngakhale wokhoza samasulidwa nthawi yomweyo: akalandira digiri amayamba wagwira ntchito pansi pa madokotala akuluakulu, ndipo bungwe la Health Professions Council of Zambia limam'lemba m'kaundula wa madokotala okwanira pokhapokha nthawi imeneyo itatha bwino.

Tsono aphunzitsi, wayilesi ikatsekedwa, yesani izi ndi ana anu. Agaweni atatuatatu: wina wodwala, wina wophunzira udokotala, wina woyesa. Wophunzira aike zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pa mkono wa mnzake, m'munsi mwa chala chachikulu, mpaka amve mtsempha ukugunda. Asagwiritse chala chachikulu, chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake. Inu muyang'ane wotchi ndi kuwapatsa masekondi 30. Nambala imene apeze aichulukitse ndi 2. Mwa munthu wamkulu amene akupumula imakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo mwa ana imakwererapo. Kenaka odwalawo athamange kuzungulira bwalo kamodzi, awerengedwenso. Woyesa asawerenge nawo. Iye ayang'ane zinthu zitatu: ngati wophunzira anapempha chilolezo asanagwire mkono, ngati maso ake anali pa wodwala kapena pa zenera, ndiponso ngati analemba nambala imene anaipezadi, kapena anaonera ya mnzake atalephera kupeza mtsempha. Akatha asinthane malo mpaka aliyense akhale atayesedwa ndi kuyesa. Tsalani bwino.